Sukulu idabadwira m'tchalitchi: kuchokera ku Utale

Ansembe a chipani cha Montfort atatsegula mishoni ya Utale mu 1908, m'dera lomwe lero ndi boma la Balaka, sadangomanga guwa. Adamanganso sukulu, chifukwa kwa iwo ziwirizi zidali ntchito imodzi. M'midzi yozungulira, kanyumba kofolera udzu kankakhala kalasi mkati mwa sabata n'kusanduka tchalitchi Lamulungu. Mphunzitsi yemweyo ndiye adali katekisiti: m'mawa zilembo ndi masamu pa sileti, kenako mafunso a katekisimu, ana n'kumayankha pamodzi mpaka ataloweza.

Kaphunzitsidwe kameneka adachita kubwera nako. Ku Ulaya, mu 789, mfumu Charlemagne idalamula kuti nyumba za amonke ndi matchalitchi a maepisikopi zikhale ndi sukulu zophunzitsa anyamata masalimo, kuyimba, kuwerengera masiku ndi galamala ya Chilatini. Mu 1179, msonkhano wa maepisikopi wa ku Lateran udagamula kuti katedralo iliyonse isunge mphunzitsi wophunzitsa ana osauka mwaulere. Kwa zaka mazana ambiri, wofuna kudziwa kulemba ankadutsa pakhomo la mpingo.

Kunonso zidali choncho. Boma la atsamunda lidakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mochedwa, mu 1926. Zaka zonse zam'mbuyomo choko chidali m'manja mwa amishoni.

Koma kwa Kawinga ndi kwa Liwonde nkhani idavuta. Ayao ambiri adali atalowa kale Chisilamu, ndipo adali ndi maphunziro awoawo ku madrasa, kumene mwalimu ankaphunzitsa Korani ndi zilembo za Chiarabu. Makolo adaona kuti mwana wopita kusukulu ya mishoni amabwerako ndi dzina lina ndi chipembedzo china, choncho ambiri adakaniza ana awo. Amene amati makolowo ankadana ndi sukulu amawalakwira. Iwo ankateteza chikhulupiriro chawo, ndipo adalipira mtengo wowawa, poti ntchito za ukalaliki ndi uphunzitsi zinkapita kwa odziwa Chingerezi cha ku mishoni.

Ku Balaka mpingo sudasiye choko. Bambo Mario Pacifici adayambitsa Andiamo mu 1984, komwe achinyamata amaphunzira ntchito zamanja, ndipo ku Montfort Media makina akusindikizabe mabuku. Asilamu nawo adamanga sukulu zawo, ndipo ana ambiri ku Ntaja ndi ku Liwonde m'mawa amakhala ku pulayimale, masana ku madrasa.