Ndani alipire chipatala? Mbiri ya mkanganowu kuchokera ku Kanakantapa

Kanakantapa ndi malo atsopano tikayerekeza ndi midzi ya Asoli yowazungulira ku Chongwe. Boma la Kenneth Kaunda linawakhazikitsa kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 kuti achinyamata osowa ntchito m'tauni apeze minda, ndipo dziko la Japan linathandizapo pa chitukuko chake. Anthuwa anafika panthawi imene lonjezo la chipatala chaulere linali litayamba kale kugwedera. Kuyambira pamenepo, lamulo lonena za amene ayenera kulipira munthu akadwala lasintha katatu, ndipo nthawi zonse kusinthako kwakhudza thumba la mlimi wa chimanga wa kuderali.

Ufulu usanabwere mu 1964, chithandizo cha mankhwala ku Northern Rhodesia chinali m'manja mwa magulu atatu. Boma la atsamunda linali ndi zipatala m'matauni a m'mbali mwa njanji, Azungu kwawo, Aafirika kwawo. Makampani a migodi, Anglo American ndi Rhodesian Selection Trust, anamanga zipatala zabwino ku Copperbelt, koma zinali za antchito awo ndi mabanja awo basi. Kumidzi kunatsala amishoni: St Francis ku Katete, Mwami ku Chipata, Nyanje kudera la Ansenga. Kampani inkachiritsa munthu amene ikumufuna mumgodi mawa lake, ndipo mlimi sanali m'kaundula wake.

Chipani cha UNIP chitatenga boma chinalengeza kuti chipatala ndi chaulere kwa aliyense. Ndalama za mkuwa zinamanga makiliniki m'maboma, sukulu ya madokotala ndi chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka. Mipingo nayo inagwirizana mu 1970 n'kupanga bungwe lomwe lero limatchedwa CHAZ, ndipo boma linayamba kuthandiza zipatala zake ndi ndalama komanso antchito. Zonsezi zinatsamira pa mtengo wa mkuwa. Utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ngongole zinakwera, mashelefu a mankhwala anayera, madokotala ambiri anapita kukagwira ntchito kunja. Chipatala chinali chaulere ndithu, koma wodwala ankabwerako ndi kapepala koti akagule yekha mankhwala.

Mu 1991 Frederick Chiluba ndi chipani cha MMD analowa m'boma ndi nzeru ina, yomwe World Bank ndi IMF ankailimbikitsa mu Africa monse: boma lichepetse katundu amene lasenza, wodwala aperekeko kangachepe, ndipo azamalonda apatsidwe mpata. Mu 1993 malipiro anayamba m'zipatala za boma. Ana osakwana zaka zisanu, okalamba ndi amayi oyembekezera sankayenera kulipira. Lamulo la 1995 linabweretsa Central Board of Health, bungwe lomwe linkayendetsa zipatala m'malo mwa unduna. Makiliniki a anthu eni anachuluka ku Lusaka, ndipo migodi ya boma ya ZCCM itagulitsidwa pofika 2000, zipatala zake zina zinapita kwa ogula, zina kwa boma.

Ochirikiza malipiro anali ndi mfundo yomveka. Ankati kandalama kotoleredwa pakiliniki kamagula sopo, mafuta a galimoto yonyamula odwala ndi zina zofunika mwamsanga, ndiponso kuti munthu amene walipira amakhala ndi pakamwa pofunsira chithandizo chabwino. Koma mlimi amagwira ndalama kamodzi pachaka, akagulitsa chimanga, pamene malungo amavuta m'dzinja, nkhokwe zitatha ndipo ndalama yonse yapita ku feteleza. Mabanja ambiri akumidzi ankayamba adikira kaye kuti aone ngati mutu uleke wokha, ndipo ena ankafika kuchipatala matenda atakula. Zaka zomwezo Edzi inali kutenga anthu m'nyumba ndi nyumba.

Mayiko olemera atakhululukira Zambia ngongole zambiri mu 2005, Levy Mwanawasa analengeza kuti kuyambira pa 1 Epulo 2006 malipiro atha m'makiliniki ndi m'zipatala zing'onozing'ono za maboma akumidzi 54. Central Board of Health inathetsedwanso chaka chomwecho. Mu 2012 boma la Michael Sata linachotsa malipirowa pa chithandizo choyambirira m'dziko lonse. Mayi wa ku Kanakantapa anayambanso kupita kukiliniki ya kwawo osamanga ndalama pansonga ya chitenje. Chomwe sichinathe ndi vuto lakale lija: mankhwala akasowa, ulendo ndi wa ku famase ya ku Chongwe kapena ku Lusaka, ndipo kumeneko palibe chaulere.

Kusintha kwachitatu kunadza ndi lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo la 2018, mu ulamuliro wa Edgar Lungu, lomwe linakhazikitsa bungwe la NHIMA. Wantchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro ake, bwana wake amaonjezapo 1 peresenti ina, ndipo thumbalo limalipirira odwala m'zipatala za boma, za mishoni, za anthu eni ndi m'mafamase ovomerezeka. Apa boma ndi azamalonda anakhala pamphasa imodzi. Mphunzitsi wa pasukulu ya ku Kanakantapa amalowa mosavuta chifukwa ndalama imadulidwa isanafike m'manja mwake. Mlimi, wowotcha makala ndi mayi wogulitsa tomato m'mbali mwa Great East Road ayenera kulembetsa okha n'kumapereka mwezi ndi mwezi, pamene Azambia ambiri sagwira ntchito yolandira malipiro apamwezi. Nazo zipatala za anthu eni zadandaula kuti NHIMA imachedwa kuzilipira, ndipo zambiri mwa izo zili m'matauni, kumene kuli odwala andalama.

Palinso gulu lina lomwe mkanganowu umaliiwala kawirikawiri, ndilo mayiko opereka thandizo. Mankhwala a ma ARV, a TB ndi a malungo akhala akudalira kwambiri pulogalamu ya America ya PEPFAR ndi Global Fund. Thandizo lotere limatha kuima nthawi iliyonse. Mu 2009 Sweden ndi Netherlands anaimitsa ndalama zawo zitamveka nkhani za kuba ku unduna wa zaumoyo. Mu Meyi 2025 kazembe wa America, Michael Gonzales, analengeza kuti dziko lake lidula thandizo la madola 50 miliyoni pachaka chifukwa mankhwala operekedwa ulere ankapezeka akugulitsidwa m'mafamase. Piritsi lobedwa m'nkhokwe ya boma ndi lomwelo limene wodwala amakaligula ndi ndalama ya mbuzi yake.

Zaka 60 zimenezi zikuphunzitsa kuti azamalonda ali ndi malo awo, ndipo amathandiza kuchepetsa mizere m'zipatala za m'tauni. Koma kuyambira nthawi ya migodi mpaka lero, amapita kumene kuli olipira. Amene akhala ndi anthu akumidzi ndi boma ndi mipingo, monga chipatala cha St Luke ku Mpanshya chikuchitira umboni. Kulembedwa ntchito kwa antchito a zaumoyo oposa 11,000 mu 2022, ndi kukwezedwa kwa ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu aliyense, kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni chaka chomwecho, zikusonyeza kuti boma likafuna limatha.

Mu 2001 atsogoleri a Africa analonjeza ku Abuja kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo. Anthu a ku Kanakantapa ali ndi ufulu wofunsa khansala ndi phungu wawo za lonjezo limenelo, wofunsa komiti ya zaumoyo ya m'dera lawo kuti mankhwala anabwera angati ndipo anatha bwanji, komanso wofuna kuti NHIMA ilole mlimi kulipira kamodzi pa nthawi yokolola. Udindo wa moyo wa mlimi uli pa boma, ndipo nzika zisatope kulikumbutsa.