Timbulu Timene Tinachedwa Kufika

M'nyengo ya dzinja kuno ku Nkhotakota, zitsime zikadzaza madzi akuda, ana ambiri amatsekula m'mimba. Mayi akapita naye mwana kuchipatala nabwerako ndi paketi ya Thanzi ndi timbulu ta zinki, kaŵirikaŵiri amadandaula kuti sanathandizidwe, popeza mwanayo sanabayidwe jakisoni. Ine sindimdzudzula mayi ameneyu, pakuti madokotala ophunzira nawonso anatha zaka zoposa 40 asanatiŵerengere timbulu timeneti.

Nkhani yake inayambira ku Shiraz, m'dziko la Iran. Kumeneko Dr Ananda Prasad, mbadwa ya ku India, anaona mnyamata wa zaka 21 wooneka ngati wa zaka 10, amene chakudya chake chinali buledi ndi dothi. Analemba za odwala otere mu 1961, ndipo mu 1963, atapima anyamata ena ku Egypt, anatsimikiza kuti matupi awo ankasoŵa zinki. Anzake ambiri anapukusa mitu, nati zinki ali m'zakudya zonse, munthu sangamsoŵe. Mpaka mu 2004 ndi pamene mabungwe a WHO ndi UNICEF analangiza kuti mwana wotsekula m'mimba azimwa zinki masiku 10 kufikira 14, pamodzi ndi madzi a mchere ndi shuga aja.

Nanga kuchedwa konseku bwanji? Kusoŵa zinki kulibe chizindikiro chakechake monga malungo ali nacho: mwana amangopinimbira ndi kudwaladwala, ndipo ngakhale kupima magazi sikuulula bwino. Ntchito yakenso njosaonekera msanga, chifukwa amafupikitsa matenda ndi kutchinjiriza mwana kwa miyezi iŵiri kapena itatu, tsono ndani amathokoza mankhwala chifukwa cha nthenda imene sinabwere? Ndiponso, kunena mosapsatira, chinthu chotchipa chimasoŵa wochilalikira, pakuti wamalonda sapezapo phindu lalikulu.

Chondiŵaŵa ine chili pagombe pathu pomwepa. Kondowole ali ndi zinki wochepa kwambiri, ndipo gaga wa mu mgaiwa amamanga zinki kuti asaloŵe bwino m'thupi. Koma usipa wodyedwa wathunthu, mutu ndi minga yomwe, ali naye wambiri. Inu makolo mukudziŵa kumene umapita: ukangouma pathandala umaloŵa m'matumba kunka ku Lilongwe, ndipo wotsala pakhomo amayamba ndi bambo, mwana namwera msuzi.