ZIKOMBOLE ZA AMISIRI A MAUTA A KU TURKEY

Ana a sukulu akamaphunzira za nkhondo zakale za maiko akutali, amamva maina a mafumu ndi a midzi imene inalandidwa, koma za amisiri amene anasema zida samva kanthu. Nkhani ino iri ya amisiri a mauta a mu mzinda wa Istanbul, m'dziko la Turkey, makamaka ya cipangizo cimodzi cosaoneka ulemu ca m'nyumba zao za nchito, ndico cikombole cokhotetsera mtengo. Monga woumba njerwa sangathe kuumba njerwa ziwiri zolingana popanda cikombole, momwemonso mmisiri wa mauta sakadatha kukhotetsa mbali ziwiri za uta mofanana popanda cace.

Uta wodziwika m'midzi ya kuno ndiwo wa mtengo umodzi. Munthu amausema, naukunga ndi nsinga, ndipo ukamasulidwa umaongoka, kapena umakhala wokhotera pang'ono kwa mwini wace. Uta wa Aturuki unali wina. Kutalika kwace kunangopitirira mita imodzi pang'ono, ndipo unali wa zinthu zinai: mtengo pakati, nyanga ku mimba, ndiyo mbali yopenya woponya, mitsempha ya ng'ombe ku msana, ndi guluu wogwirizanitsa zonsezo. Pokhala wosakunga unali wopindikira kutsogolo, nsonga zace zikuloza kumene mubvi udzapita. Poukunga ankaubweza nsongazo mpaka ziloze kumbuyo, kotero kuti munali mphamvu yaikuru kale munthu asanayambe kukoka. Ici ndico cifukwa cace uta waufupi, wosabvuta kuugwira pa kavalo, unaponya mubvi patali kopambana mauta atali.

Luso limeneli makolo a Aturuki anadza nalo kucokera ku madambo a pakati pa Asia, kumene anali anthu oweta ndi okwera pa akavalo. Sultan Mehmed II atalanda Istanbul m'caka ca 1453, anapatula malo akuru pafupi ndi mzindawo nawapereka kwa oponya mibvi. Malowo anachedwa Okmeydanı, ndiko kunena Bwalo la Mibvi. Amisiri a mauta ndi a mibvi anali ndi magulu ao mumzindamo, ndipo mnyamata wofuna nchitoyi anayenera kukhala zaka zambiri pa mapazi a mmisiri wamkuru.

Mtengo umene anaukonda ndiwo wochedwa maple, cifukwa umagwira guluu bwino ndipo umapindika wosathyoka msanga. Anafuna woongoka, wopanda mfundo. Koma uta sunasemedwe m'mtengo umodzi wathunthu. Cogwirira ca pakati cinali capadera, mbali ziwiri zinali zapaderanso, ndipo mauta ena nsonga zao zomwe zinali zolumikiza. Mbali iri yonse inali ndi malo awiri: kufupi ndi cogwirira kunali malo ofewa, opindika pokoka, amene iwo anawacha sal, kupyola apo kunali malo ouma, okhotera kutsogolo, ochedwa kasan. Kukhota kumeneku kukasemedwa ndi mpeni m'thabwa loongoka, mpeniwo umadula mizere ya mtengo, ndipo utawo udzathyokera pomwepo. Cifukwa cace mtengo unayenera kukhotetsedwa wamphumphu, mizere yace ikutsata kukhotako.

Apa ndipo pali nchito ya cikombole. Mmisiri amatenga thabwa locindikira la mtengo wouma bwino, najambulapo mzere wa kukhota kumene afuna, nasema m'mphepete mwace kutsata mzerewo. Pali zinthu zitatu zimene asamala. Coyamba, kukhota kwa cikombole kumapitirira pang'ono kumene afuna pa uta, pakuti mtengo ukamasulidwa umabwerera pang'ono kumene unacokera. Caciwiri, pogona mtengo payenera kukhala posalala ndi posapendekera mbali. Pakapendekera, ngakhale pang'ono ngati cikhadabo, mbali ya uta imatuluka yopotoka, ndipo uta wopotoka umataya nsinga pokoka, nupweteka mwini wace. Cacitatu, mbali zonse ziwiri ziyenera kukhota molingana, kaya pa cikombole cimodzi comweco kaya pa ziwiri zosemedwa kutsata cithunzi cimodzi. Ku mapeto a cikombole amakonzako pokolera nsonga ya mtengo, kuti isapulumuke pamene manja ali kukanikiza kwinako.

Mtengo ankayamba kuubviika m'madzi ozizira masiku angapo, pambuyo pace nauphika. Ukali wotentha ankautulutsa msanga, naukola pa cikombole, naupinda pang'onopang'ono, naumanga ndi zingwe. Amisiriwo anadziwa ndi manja okha cimene ophunzira za mitengo anadzalongosola pambuyo: m'kati mwa mtengo muli cinthu conga utomoni cimene cimagwira tiulusi tace pamodzi. Cinyontho ndi kutentha zimacifewetsa, tiulusito titha kusendezana. Mtengo ukazizira ndi kuuma cimalimbanso, ndipo tiulusi timakhazikika m'malo atsopano. Amene anaonapo mkuru akuongola bango la mubvi kapena mpini pa moto anaona nzeru yomweyo. Cikombole cingoonjezapo ici, kuti cimagwira mtengo masiku ambiri osatopa ndi osasuntha, pamene manja a munthu sangatero.

Mitengo itauma ankailumikiza ndi cogwirira, napala timizere pa mtengo ndi pa nyanga ya njati zoweta, kuti guluu agwire. Guluuyo ankamuphika ndi mitsempha kapena ndi ziwalo zina za nsomba. Nyanga itamatika ku mimba, ankasansantha mitsempha youma mpaka ikhale ngati thonje, naibviika m'guluu, naiyala ku msana, mnyalo umodzi uume asanaikepo wina. Mitsempha ikamauma imafupika, ndipo mmisiri ankaithandiza pomanga nsonga ziwiri ndi cingwe, nazisendeza pafupi, mpaka uta unakhala ngati mkombero, nsonga zace zitakomana kapena kupingasana. Pamenepo ankaupacika nauleka miyezi yambiri, mwina caka cathunthu kapena kupitirira.

Tsono panadza nthawi yoopsya koposa zonse. Uta umene wakhala mkombero caka conse sungathe kukungidwa tsiku limodzi. Woukakamiza amaphwanya nchito ya miyezi yonseyo m'kamphindi. Apa panafunika zikombole za mtundu waciwiri, zochedwa tepelik, ndizo mitengo iwiri yosemedwa mokhota monga mbali ya uta wokunga iyenera kukhalira. Mmisiri ankafunditsa uta pa mbaula ya makala, mosamala kuti guluu afewe koma asapsye, natambasula mbali imodzi pa tepelik yace, naimanga. Nacita momwemo ndi inzace. Utazizira anayang'ana ngati mbali ziwirizo ziri kupindika molingana. Polimba anapalapo nyanga pang'ono, popotoka anafunditsa napotolola, nabwerezabwereza kufikira uta utalola nsinga. Motero cikombole coyamba cinapinda mtengo kutsogolo, caciwiri cinaphunzitsa uta wathunthu kubwerera kumbuyo wosathyoka.

Zipatso za kuleza mtima kumeneku zinalembedwa pa miyala. Ku Okmeydanı munthu akaponya patali kopambana anzace, ankaimika mwala pamene mubvi unagwa, nalembapo dzina lace. Woponya wochuka wa m'zaka za m'ma 1500, Tozkoparan İskender, anafikitsa mubvi mamita 846. Ca m'ma 1795 Mahmud Efendi, mlembi wa kazembe wa Turkey ku London, anaponya mayadi 482 pamaso pa Angerezi a gulu la oponya mibvi, ndipo iwo anazizwa, pakuti mauta ao atali sanafike kumeneko. Iyi inali mibvi yopepuka ya mpikisano, osati ya nkhondo.

Mfuti zitacuruka uta unacoka m'nkhondo, nutsala m'masewera okha, ndipo amisiri anayamba kucepa. Sultan Mahmud II, amene analamulira kuyambira 1808 kufikira 1839, anali woponya mibvi iye mwini, ndipo analamula Mustafa Kani kuti alembe zonse za lusoli. Bukulo linasindikizidwa ku Istanbul m'caka ca 1847. M'caka ca 1925 boma latsopano la Turkey linatseka nyumba za magulu a cipembedzo, ndipo nyumba ya oponya mibvi ya ku Okmeydanı, imene inawerengedwa pamodzi nazo, inaleka nchito yace. M'caka comweco Mjeremani wina, Joachim Hein, anayamba kufalitsa mafotokozedwe a buku la Kani m'cinenero ca kwao. Ndipo mu 1934 Paul Klopsteg wa ku America analemba za mautawa m'Cingerezi.

Mauta akale okongola asungidwa m'nyumba ya mafumu ya Topkapı, koma uta womalizidwa suulula njira imene unapindidwira. Amisiri amene anautsanso nchitoyi, monga Adam Karpowicz wa ku Canada, amene buku lace linatuluka mu 2008, anayenera kuyesa mauta akalewo, kuwerenga mau a Kani, ndi kusema zikombole zao, kufikira mtengo utabvomera. M'caka ca 2019 bungwe la UNESCO linalemba kuponya mibvi kwa Aturuki m'kaundula wa miyambo yosungidwa ya anthu onse.

Mphunzitsi wofuna kuti ana aone ndi maso ao atha kusema thabwa lokhota pa nthawi ya nchito zamanja, naphika timizere tiwiri ta nsungwi, kamodzi namangira pa thabwalo, kena nakapinda ndi manja nakasiya. Sabata likatha amasule, ndipo ana ayerekeze tiwirito.