Chinenero chamanja ndi anthu osamva ku Mulanje

Chinenero chamanja ndi chiyankhulo cha anthu osamva, chomwe chimadalira manja, nkhope ndi thupi. Chili ndi malamulo akeake, ndipo cha ku Malawi n'chosiyana ndi cha ku America kapena ku Britain. Bungwe la Malawi National Association of the Deaf ndilo limatsogolera ntchito yochitukula.

Ana ambiri osamva amabadwa kwa makolo akumva, choncho amadzachiphunzira kusukulu. Pafupi ndi Mulanje pali sukulu zapadera ziwiri: Mountain View ku Bvumbwe m'boma la Thyolo ndi Maryview ku Nguludi m'boma la Chiradzulu.

Kwa boma lokhala m'tsinde mwa phiri ngati Mulanje, chinenerochi chimakhudza moyo weniweni. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy adasefukiritsa mitsinje ndi kugumula mapiri kumeneko. Machenjezo a ngozi zotere amadzera kwambiri pawailesi ndi pachimkuzamawu, zomwe wosamva sizimufika. Kuchipatala nako, popanda womasulira, wodwala amaulula zachinsinsi kudzera mwa m'bale. Omasulira ophunzitsidwa bwino, mauthenga olembedwa pafoni ndi zithunzi ndizo zimafikitsa uthenga kwa mwiniwake.