Njanji imene sinafike kwathu: mbiri yake tikuionera m'mutu wa sitima

Abale otsogolera magulu ophunzira kuwerenga, ife a ku Fíngoè njanji tilibe. Kuti munthu wa ku Marávia aone sitima, ayenera kutsika mpaka ku Tete, ndi kupitirira kukafika ku Moatize. Ndiye wina angafunse kuti, nanga mbiri ya njanji ikutikhudza bwanji? Yankho lathu nlakuti zambiri zimene zinasintha moyo wathu zinadzera pa njanji imeneyo. Tiyeni tikwere m'maganizo m'kacipinda ka woyendetsa, kutsogolo kwenikweni kwa sitima ya katundu, tiione mbiriyi monga akuionera iye.

Tiyambire ku Dona Ana, ku Mutarara. Kumeneko mu 1935 anatsegula mlatho wa makilomita pafupifupi 3,7 pa Zambezi, ndipo sitima zocokera ku Beira zinayamba kuoloka osadikiranso ngalawa. Pa Dona Ana njira ndi ziwiri. Ina imalowa m'dziko la Malawi, limene nthawi imeneyo linali Nyasaland. Njanji ya kumeneko, yocokera ku Nsanje kukwera ku Blantyre, inatsegulidwa kale mu 1908. Inayo ndi yathu ya ku Tete, ya makilomita oposa 250, imene inafika ku Moatize mu 1949. Cimene anaimangira ndi malasha a ku Moatize, osati aulendo.

Masiku amenewo mutu wa sitima unkayenda ndi moto ndi madzi. M'kacipindamo munkakhala anthu awiri. Wina, amene pa Cipwitikizi amati fogueiro, ankaponya malasha m'ng'anjo ndi fosholo kuti madzi awire, nthunzi ikankhe mawilo. Winayo, makinista, ankagwira zitsulo zoyendetsera, maso ali pa njanji ndi pa mawoci oonetsa mphamvu ya nthunzi. Pa citunda, monga cija cocokera kucigwa ca Shire kukafika ku Limbe, kumene sitima imakwera mamita oposa 1.000, wa fosholo sankapuma ai. Mawilo akayamba kuterereka, ankathira mcenga pa njanji kuti agwire. Kutsetsereka ndiye kunkaopsa koposa, cifukwa katundu yense wa kumbuyo amakankha mutu. Makinista wosadziwa njira akacedwa kumanga mabuleki, basi, zatha.

Apa pali mfundo imene ikutikhudza ife aphunzitsi. Makinista ayenera kuwerenga: cikalata comulola kucoka pa siteshoni, manambala a makilomita, zikwangwani za liwiro, nthawi yokumana ndi sitima ina. M'nthawi ya atsamunda mpando umenewu kawirikawiri sunali wa munthu wakuda. Mpaka 1961 lamulo la Apwitikizi linkagawa anthu, ndipo kuti munthu acoke m'gulu la "indígena" ankayenera, mwa zina, kudziwa kuwerenga ndi kulemba Cipwitikizi. Makolo athu ambiri anaidziwa njanji ndi misewu kudzera m'khasu, m'piki ndi m'cibalo. Anasenza dothi, koma pa mpando wa kutsogolo sanakhalepo.

Tipitirire. Mu 1968 nkhondo ya ufulu inayakanso m'cigawo ca Tete, ndipo madera athu a kumpoto kwa Zambezi anali m'gulu loyamba kuimva. Mu 1969 nchito yomanga damu la Cahora Bassa inayamba. Simenti ndi makina akuluakulu ankabwera pa sitima kucokera ku Beira mpaka ku Moatize, kenaka pa malole kukwera ku Songo. Ncifukwa cake njanjiyi inasanduka bwalo la nkhondo, ndipo woyendetsa ankapita mtima uli m'mwamba, poopa mabomba okwirira. Kumapeto kwa 1974 madzi anayamba kudzaza, namiza minda ndi manda a anthu a m'mbali mwa Zambezi, kumwera kwa boma lathu lino. Mwaona? Njanji sinafike ku Marávia, koma katundu wake anafika.

M'zaka za m'ma 1980 nkhondo yapaciweniweni inaimitsa sitima. Mu 1986 mlatho wa Dona Ana unaphulitsidwa, ndipo njanji inamera chire. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992, koma sitima sizinabwerere msanga. Mu 1995 mlatho uja anaukonza kuti pazidutsa magalimoto. Pambuyo pake anaubwezeranso njanji, ndipo mu 2011 sitima za malasha a kampani ya Vale zinayamba kutsika ku Beira.

Kenaka panabwera njira yacitatu, imene anaitsegula mwalamulo mu 2017. Imeneyi ndi ya makilomita 912, kucokera ku Moatize, kudutsa m'Malawi, mpaka ku doko la Nacala-a-Velha. Ndiyo njanji ya m'mapiri ya masiku ano. Wokhala kutsogolo amalowa m'Malawi ca ku Kachaso m'boma la Chikwawa, nkuyamba kukhotakhota m'mapiri a Mwanza ndi Neno. Pena sitima ikudutsa pakati pa thanthwe limene analing'amba, pena ili pa mlatho, mitengo ikuoneka pansi. Pa khona akaceuka amaona mabogi oposa 100 akumutsatira ngati bongololo. Atafika pa Nkaya amalowa njanji yakale, naoloka Shire pa Liwonde, nabwereranso kwathu kudzera pa Nayuchi, Cuamba ndi Nampula. Mitu ya lero ndi ya dizilo. Fosholo kulibenso, m'malo mwake muli wailesi ndi kompyuta. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodi ndi njanjiyi kwa kampani ya Vulcan.

Tikayang'ana zaka zonsezi, tikuona kuti eni njanji akhala akusintha, koma katundu ndi yemwe uja: cuma ca m'nthaka ya Tete kupita kunyanja. Cimene casintha ncakuti tsopano palibe lamulo loletsa mwana wa ku Fíngoè kukhala pa mpando wa makinista. Comuletsa cingakhale kusadziwa kuwerenga, ndipo pamenepo ndi pamene nchito yathu yagona.

Tsono pempho lathu nali. M'magulu mwanu muli agogo amene anagwirapo cibalo, ena anakwerapo sitima popita ku Beira, ena anagwira nchito ku Songo kapena m'migodi ya Moatize. Apatseni mpata afotokoze: ananyamuka caka citi, anayenda masiku angati, analipidwa ciani, anabwerako ndani, anatsalira komweko ndani. Ophunzira alembe m'makope mwao, mau amodziamodzi: njanji, malasha, mlatho, cibalo. Mabuku a atsamunda anasunga maina a mainjiniya ndi kulemera kwa zitsulo, koma maina a onyamula dothi mulibe. Paja akulu amati mau a akulu akoma akagonera, koma amagonera pokhapokha wina atawasunga. Agogowa akapita tisanalembe, tidzafunsa yani?