Galimoto ya magetsi ya Nissan Leaf: mtunda, kuchaja ndi mphamvu zake

M'bajeti ya caka ca 2024, imene Nduna ya za Cuma a Situmbeko Musokotwane anawerenga m'Nyumba ya Malamulo mu September 2023, boma linacotsa msonkho wa kasitomu pa magalimoto oyendera magetsi ndi pa zipangizo zochajira. Izi zinacepetsa ndalama zimene munthu amalipira polowetsa galimoto yotere m'dziko.

Imodzi mwa magalimoto amene akhala nthawi yaitali pamsika ndi Nissan Leaf. Galimoto imeneyi imanyamula anthu asanu, ndipo zimene zinagulitsidwa ku Japan ndi ku Britain zili ndi ciwongolero kumanja, mogwirizana ndi misewu ya mu Zambia. Popeza magalimoto ambiri a m'dziko lino amabwera kucokera ku Japan atagwirako kale nchito, banja lofuna galimoto ya magetsi likhoza kukumana ndi Leaf msanga pamsika wa zogulagula.

Cofunika kwambiri kudziwa ndi cakuti mtunda wolembedwa pa pepala la malonda si umene galimotoyo idzayenda pamsewu. Mtunda weniweni umadalira kukula kwa batiri, zaka zake, kutentha kwa dera ndi liwiro la woyendetsa.

Mbiri yake

Kampani ya Nissan inayamba kugulitsa Leaf mu December 2010 ku Japan ndi ku United States. M'caka ca 2011 galimotoyi inapata mphoto ya galimoto yopambana ya cakaco ku Ulaya komanso pa dziko lonse. Mitundu iwiri yoyambirira inali kupangidwa ku Oppama m'dziko la Japan, ku Smyrna m'dziko la United States ndi ku Sunderland m'dziko la Britain.

Kwa zaka zingapo Leaf ndiyo inali galimoto ya magetsi yogulidwa kwambiri pa dziko lonse, kufikira kumayambiriro kwa 2020 pamene Tesla Model 3 inaiposa. M'caka comweco ciwerengero ca ma Leaf ogulitsidwa cinafika 500,000.

Kukula kwa batiri

Batiri la galimoto ya magetsi limayezedwa m'ma kWh. Muyezo umenewu ndi wofanana ndi mayuniti amene anthu amagula ku ZESCO, pakuti kWh imodzi ndi yuniti imodzi. Motero batiri la 40 kWh limasunga magetsi okwana pafupifupi mayuniti 40.

Leaf yoyamba ya 2010 inali ndi batiri la 24 kWh. Bungwe loona za cilengedwe ku United States, la EPA, linapeza kuti inali kuyenda makilomita 117 batiri likadzaza. Atakonza zina ndi zina, mtundu wa 2014 unafika makilomita 135. Cakumapeto kwa 2015 kunabwera batiri la 30 kWh, loyenda makilomita 172.

Mtundu waciwiri unatuluka mu 2017 ndi batiri la 40 kWh, loyenda makilomita 243. Mu 2019 kunawonjezeredwa Leaf e+, ya batiri la 62 kWh, yoyenda makilomita 364.

Mtundu wacitatu unaonetsedwa mu June 2025. Ndi wokwererako pang'ono, uli ndi mabatiri a 52 kWh ndi 75 kWh, ndipo wa batiri lalikulu umapitirira makilomita 600 pa muyezo wa ku Ulaya. Koma zimene zafala pamsika wa zogwirako kale nchito ndi za mitundu iwiri yoyamba ija, ndipo ndi zimenezo zikufotokozedwa kwambiri pano.

Cifukwa cace ziwerengero zimasiyana

Maiko amayeza mtunda m'njira zosiyana. Leaf ya 40 kWh inalembedwa kuti imayenda makilomita 400 pa muyezo wakale wa ku Japan wochedwa JC08, makilomita 270 pa muyezo wa ku Ulaya wa WLTP, ndi makilomita 243 pa muyezo wa EPA. Galimoto ndi imodzi yomweyo, koma kusiyana kwake kukuposa makilomita 150.

Muyezo wa JC08 umatsanzira kayendedwe kapang'onopang'ono ka m'mizinda ya ku Japan, ndipo n'cifukwa cace umapereka ciwerengero cacikulu. Wogula galimoto yocokera ku Japan akhoza kuona ciwerengero cimeneci pa zikalata. Ca EPA ndico cimayandikira kwambiri zimene zimacitika pamsewu.

Liwiro ndilo limadya magetsi kopambana. Galimoto ikawirikiza kawiri liwiro lake, mphamvu ya mphepo yolimbana nayo imawirikiza kanai. Cotero galimoto ya magetsi imayenda mtunda wautali m'tauni kusiyana ndi pamsewu waukulu, zimene ndi zosemphana ndi galimoto ya petulo. Katundu wolemera, zitunda, matayala osapopa bwino ndi makina oziziritsa mpweya nazonso zimacepetsa mtunda.

Pa mtunda wa makilomita 100, Leaf imatha mayuniti apakati pa 15 ndi 17 ikamayendetsedwa mosamala. Banja loyenda makilomita 40 pa tsiku, kupereka ana ku sukulu, kupita ku nchito ndi ku msika, limafunikira mayuniti pafupifupi 7.

Kukalamba kwa batiri

Batiri lililonse limacepa mphamvu zaka zikamapita, ndipo kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Mitundu iwiri yoyamba ya Leaf ilibe madzi oziziritsira batiri, limangozizira lokha ndi mpweya wozungulira. M'caka ca 2012 eni magalimotowa mu mzinda wotentha wa Phoenix, ku Arizona, anadandaula kuti mabatiri awo anali kutha mphamvu msanga. Pambuyo pake Nissan inayamba kupereka citsimikizo pa mphamvu ya batiri, ndiponso inasintha kapangidwe kake kuti lizipirirako kutentha. Batiri la mtundu wa 2025 limaziziritsidwa ndi madzi.

Nkhani imeneyi ikukhudza Zambia. Mzinda wa Lusaka uli pamalo okwera ndipo sutentha mopambanitsa, koma m'zigwa za Luangwa ndi Zambezi kutentha kumafika kapena kupitirira madigiri 40 m'mwezi wa October.

Leaf imaonetsa umoyo wa batiri ndi timizere 12. Timizere timeneti n'tosiyana ndi cizindikiro coonetsa kucuruka kwa magetsi otsala. Kamzere koyamba kamazima batiri likataya pafupifupi 15 peresenti ya mphamvu yake, ndipo kalikonse kotsatira kamaimira 6 peresenti ndi pang'ono. Galimoto yotsala ndi timizere 9 ili ndi mphamvu pafupifupi 70 peresenti.

Mwacitsanzo, Leaf ya 24 kWh imene inali kuyenda makilomita 135 ili yatsopano, ikatsala ndi timizere 9 imayenda makilomita osakwana 100. Ulendo wocoka ku Lusaka kupita ku Kafue ndi kubwerako, umene ndi makilomita pafupifupi 90, ukhoza kuitopetsa. Ku Kabwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 140, siingafike popanda kuchaja panjira.

Citsimikizo ca Nissan pa mabatiri a 30 kWh ndi okulirapo cinali ca zaka 8 kapena makilomita 160,000, ndipo cinali kugwira nchito batiri likatsika pansi pa timizere 9. Kwa ma Leaf ambiri akale nthawi imeneyi inatha kale.

Njira zochajira

Pali njira zitatu zochajira. Yoyamba ndi soketi ya m'nyumba. Magetsi a m'nyumba mu Zambia ndi a mavoti 230, ndipo cingwe cochajira pa soketi wamba cimakoka makilowati pafupifupi 2.3. Mwa njira imeneyi batiri la 40 kWh limatenga maola pafupifupi 21 kuti lidzaze ngati linatheratu. Komabe ola lililonse limawonjezera makilomita 13 kapena 14, motero makilomita 40 a pa tsiku amabwerera m'maola atatu kapena anai.

Njira yaciwiri ndi kabokosi kochajira koikidwa pa cipupa. Apa liwiro limadalira chaja imene ili m'kati mwa galimoto. Ma Leaf ena ali ndi chaja ya makilowati pafupifupi 3, ena ya makilowati 6 kapena 6.6. Ndi chaja yaikuluyo, batiri la 40 kWh limadzaza m'maola asanu ndi awiri ndi theka. Ndi yaing'onoyo, nthawi imawirikiza kawiri ngakhale kabokosi katakhala kamphamvu motani.

Njira yacitatu ndi makina ochaja mofulumira, opezeka pamalo a malonda. Leaf ya mitundu iwiri yoyamba imagwiritsa nchito pulagi ya ku Japan yochedwa CHAdeMO, yolandira makilowati mpaka 50 pa mabatiri a 40 kWh ndi ang'onoang'ono kuposa pamenepo. Batiri la 24 kWh limafika 80 peresenti m'mphindi pafupifupi 30, pamene la 40 kWh limatenga mphindi 40 mpaka 60. Likapitirira 80 peresenti kuchaja kumacedwa, cifukwa galimoto imateteza batiri.

Mapulagi ochajira mofulumira si ofanana. Magalimoto a ku Ulaya amagwiritsa nchito CCS, ndipo a pamsika wa ku China amagwiritsa nchito GB/T. Woyendetsa Leaf ayenera kufunsiratu ngati malo amene akupitako ali ndi CHAdeMO.

Palinso vuto lina pa maulendo aatali. M'caka ca 2018 eni ma Leaf a 40 kWh ku Ulaya anaona kuti akachaja mofulumira kawiri kapena katatu pa tsiku limodzi, batiri linali kutentha ndipo galimoto inali kucepetsa yokha liwiro la kuchaja. Kucoka ku Lusaka kupita ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo msewu wa Great East uli ndi zitunda zambiri m'dera la Luangwa. Leaf ya 40 kWh ingafunikire kuima kawiri kapena katatu, nthawi iliyonse kwa ola kapena kupitirira.

Zingwe zochajira zobwera ndi magalimoto a ku Japan zinapangidwira magetsi a mavoti 100 kapena 200, ndipo mapulagi ake ndi osiyana ndi a kuno. Katswiri wa za magetsi ayenera kuona cingweco pamodzi ndi mawaya a m'nyumba galimoto isanalumikizidwe. Soketi yofooka ikakoka magetsi ambiri kwa maola ocuruka imatentha ndipo ikhoza kubutsa moto.

Mphamvu pamsewu

Leaf ilibe injini ya mafuta, ilibe kilachi, ndipo sisintha magiya. Mota yake ya magetsi imapereka mphamvu zonse zokoka galimoto ikangonyamuka, n'cifukwa cace imanyamuka mwacangu pa maloboti.

Mota ya mtundu woyamba inali ya makilowati 80, ndipo galimoto inali kutenga masekondi oposa 11 kufika liwiro la makilomita 100 pa ola. Ya 40 kWh ili ndi makilowati 110 ndipo imatenga masekondi 7.9. Ya e+ ili ndi makilowati 160 ndipo imatenga masekondi 6.9. Liwiro lomalizira la 40 kWh ndi makilomita 144 pa ola.

Woyendetsa akacotsa phazi pa cowonjezera liwiro, mota imasanduka jenereta ndi kubwezera magetsi ena m'batiri. Zimenezi zimathandiza potsetsereka ndi pa mizere ya magalimoto ya m'tauni, komanso mabuleki sakutha msanga.

Batiri, lolemera makilogalamu pafupifupi 300 pa mtundu woyamba, lili pansi pa mipando. Izi zimacititsa kuti galimoto ikhazikike bwino pokhota. Koma mpata wa pakati pa galimoto ndi nthaka ndi masentimita pafupifupi 15 cabe, cotero pamafunika kusamala pa misewu ya miyala ndi ya maenje.

Pa kasamalidwe, palibe kusintha oilo ya injini, mapulagi a moto kapena ekizozi. Matayala, mabuleki, masipuling'i ndi kabatiri kakang'ono ka mavoti 12 zimafunabe cisamaliro monga pa galimoto ina iliyonse. Mawaya a mtundu wa lalanje amanyamula mavoti oposa 350, ndipo akhoza kupha munthu. Makaniki amene sanaphunzire za magalimoto a magetsi sayenera kuwakhudza.

Magetsi a m'dziko

Magetsi oposa 80 peresenti a mu Zambia akhala akucokera ku madzi, makamaka ku Kariba ndi ku Kafue Gorge. Mvula ikagwa bwino, galimoto ya magetsi imayendera mphamvu yopangidwa m'dziko momwemuno, pamene petulo ndi dizilo zimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja.

Koma cilala cimasintha zinthu. Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca nyengoyo cinali tsoka la dziko lonse. Madzi a ku Kariba anatsika kwambiri, ndipo pofika September caka comweco mabanja ambiri anali kukhala maola mpaka 21 pa tsiku opanda malaiti. Maola atatu otsalawo, pa soketi wamba, ndi ongokwanira makilomita 40. Amene ali ndi masola a pa denga ali ndi pothawira, malinga galimoto ikhale pakhomo masana.

Leaf ikhozanso kupereka magetsi ku nyumba. Nissan inayambitsa njira imeneyi ku Japan mu 2012, pambuyo pa civomezi cacikulu ca March 2011. Pamafunika makina apadera olumikizidwa pa pulagi ya CHAdeMO, ndipo si nchito yolumikiza mawaya pawekha.

Zoyenera kuona musanagule

Coyamba, dziwani kukula kwa batiri, kaya ndi 24, 30, 40 kapena 62 kWh, pakuti magalimoto ooneka ofanana kunja akhoza kusiyana mkati. Caciwiri, funsani cithunzi coonetsa timizere ta umoyo wa batiri musanalipire, cifukwa makilomita ocepa pa mita satanthauza kuti batiri lili bwino. Cacitatu, onani kukula kwa chaja ya mkati ndiponso ngati galimotoyo ili ndi polowetsa CHAdeMO, popeza ma Leaf ena akale alibe.

Cacinai, werengani makilomita amene banja lanu limayenda pa tsiku. Ngati ali osakwana theka la mtunda umene galimotoyo imayendadi lero, ndipo muli ndi malo otetezeka ochajira pakhomo, Leaf ikhoza kukutumikirani bwino m'tauni. Banja lopita kawirikawiri kumudzi ku Petauke, Katete kapena Lundazi liyenera kuyamba latsimikiza za malo ochajira a panjira, kapena kusunga galimoto ya mafuta ya maulendo otere.