Mulungu Adapangana ndi Yani?

Ophunzira zaubusa akafika pa Genesis 15, funso lawo limakhala limodzi: ngati Abramu anali m'tulo tofa nato pamene moto unkadutsa pakati pa nyama zoduladula zija, tingati bwanji adapangana ndi Mulungu? Funsoli si laumbuli. Gwero lake ndi liwu lakuti "pangano". Liwuli lidachokera ku mneni "kupangana", ndipo kaphatikizo ka -an- kali m'menemo n'kamodzimodzi ndi ka mu kukondana ndi kugwirizana. Munthu sapangana yekha.

Omasulira Buku Lopatulika, lomwe lidatuluka mu 1922 motsogozedwa ndi William Murray, adagwiritsa ntchito "pangano" ndi "chipangano" pomasulira berit wa Chiheberi ndi diatheke wa Chigiriki. Buku Loyera la 1998 lidasunga "chipangano". Pa za ku Sinai mawuwa akukhala bwino, chifukwa mbali zilipo ziwiri: Aisraeli akamvera adalitsidwa, akapanduka atembereredwa, monga Deuteronomo 28 akufotokozera. Koma kwa Nowa mu Genesis 9, kwa Abrahamu, ndi kwa Davide mu 2 Samueli 7, wodzimanga ndi Mulungu yekha. Ayuda amene adamasulira Chipangano Chakale m'Chigiriki (Septuagint) adaliona vutoli kalekale. Adapewa syntheke, liwu la mgwirizano wa anthu awiri, n'kusankha diatheke, liwu lomwe Agiriki ankatchulira wilu ya munthu wogawa chuma chake.

Nkhaniyi si ya m'kalasi mokha. Mkhristu akamva "pangano" ngati malonda, amayamba kuwerengera Mulungu ngongole. Ulaliki uja wakuti "bzala mbewu kuti ukolole" umamera panthaka imeneyi. Ndiye zokolola zikapanda kubwera, wodwala kapena wamasiye amadziweruza kuti iyeyo ndiye adaphwanya mbali yake. Kudalirika kwa Mulungu kwasanduka kudalirika kwa munthu.

Ine ndimakonda "lonjezo" pophunzitsa za Abrahamu, chifukwa wolonjeza amakhala mmodzi. Ena amatsutsa kuti andale adalisukulutsa liwuli: misewu yolonjezedwa pa kampeni ikadali fumbi. N'zoona, komabe anthu athu amati lonjezo lidadulitsa mutu wa Yohane, kutanthauza kuti mawu akatuluka amam'gwira mwiniwake pakhosi. Mphamvu imeneyo ikadalimo. Chiheberi cha Chipangano Chakale chilibe n'komwe mneni wapadera wa kulonjeza. Chimangoti Mulungu adanena, basi, ngati kuti kunena kwakeko n'kokwanira. Chigiriki ndicho chili ndi epangelia, ndipo Ahebri 6 akuwonjezera chachitatu, lumbiro: posowa wamkulu womuposa, Mulungu adalumbira pa Iye mwini. Choncho tili ndi lonjezo, pangano ndi lumbiro, ndipo mlaliki wowasakaniza amasokoneza nkhosa.

Penapake Chichewa chimaposa Chigiriki. Liwu limodzi lakuti pistis limanyamula zinthu ziwiri, koma ife tili ndi "kukhulupirira", ntchito ya munthu, ndi "kukhulupirika", khalidwe la amene akudaliridwayo. Pa Aroma 3:3, pistis wa Mulungu sangakhale chikhulupiriro chake, chifukwa Mulungu akhulupirira yani? Ndi kukhulupirika kwake. Emunah wa Chiheberi pa Habakuku 2:4 ali pa tsinde limodzi ndi "ameni", tsinde lonena za chinthu chokhazikika. Mwana wa Sande sukulu angamve kuti timakhulupirira chifukwa Iye ngwokhulupirika. Tsinde n'limodzi, mathero okha ndiwo asiyana.

Nanga chuma chonsechi chilipo, bwanji alaliki ena ayamba kunena "kovenanti"? Sindidana ndi mawu obwereka. Tchalitchi, sakramenti ndi ameni adalowa kale m'mudzi ndipo palibe angawathamangitse. Koma "kovenanti" sathetsa funso la ophunzira aja, amangolikwirira. Liwu lomwe agogo salimva silingawasokoneze, komanso silingawaphunzitse kanthu.

Muzu wa vutoli uli m'masukulu. Zaumulungu zimaphunzitsidwa m'Chingerezi, mayeso amalembedwa m'Chingerezi, kenako mbusa amatumizidwa kukalalikira m'Chichewa, chiyankhulo chomwe sadaphunzitsidwe kuganizamo mozama. Lamulo la boma lakuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1 lidangokulitsa mpatawo. Centre for Language Studies ku Zomba idatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, koma kulongosola mawu a guwa ndi udindo wa mipingo.

"Chipangano" chikhale momwe chilili pa chikuto cha Baibulo. Palibe chifukwa chochisinthira. Pempho langa kwa masinodi, madayosizi ndi a Bible Society of Malawi n'lakuti akhale pansi alembe buku lotanthauzira mawu azaumulungu m'Chichewa, ndipo sukulu iliyonse yaubusa iziphunzitsa phunziro limodzi m'chiyankhulo chomwe ophunzira ake adzalalikire.